Phala lilipo, nanga ngozi ikagwa alipira ndani?

Masiku apitawa ndidakacheza pasukulu ina ya mkombaphala kunja kwa mzinda wa Blantyre. Amayi anayi ongodzipereka ndiwo amaphika phala, kuphunzitsa ana a, e, i, o, u ndi kutonthoza olira. Chimphika cha phala chimakhala pamafuwa, pamtetete, pafupi penipeni ndi pomwe ana amathamangitsana.

Ndidafunsa mayi wapampando wa komiti kuti mwana atapsa ndi phalalo, kapena chipupa cha zidina chitagwera mmodzi mwa amayi ophikawo, ndalama zoyendera kuchipatala ndi chipukuta misozi zingachokere kuti. Mayiwo adangoseka n'kuloza kumwamba. Bungwe lomwe limawathandiza limabweretsa ufa wa likuni phala, shuga, makapu ndi mabuku, koma mawu oti inshuwalansi sadatchulidwepo pamsonkhano uliwonse.

Sindikuwanena amayiwo ayi. Chala changa chikuloza mabungwe akuluakulu omwe si aboma komanso abwenzi akunja amene amapereka ndalama zoyendetsera ntchito zoterezi, kaya ndi zosamalira ana amasiye, okalamba, aulumali kapena amayi othawa nkhanza m'banja.

Taonani momwe zinthu zimakhalira. Galimoto ya bungwe imakhala ndi inshuwalansi chifukwa malamulo apamsewu amakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi third party, ndipo apolisi amaiona pachipata. Wogwira ntchito mu ofesi naye ali ndi pothawira, pakuti lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wolembedwa ntchito akavulala pantchito alandire chipukuta misozi. Koma mayi wongodzipereka uja, yemwe dzina lake silipezeka pamndandanda wa olandira malipiro, n'kovuta kuti lamuloli limufikire. Chonsecho ndiye amene amakhala pafupi ndi moto, kunyamula agogo odwala mwendo ndi kupalasa njinga mtunda wautali kukayendera mabanja. Malipoti okoma omwe amatumizidwa kwa opereka thandizo amalembedwa ndi thukuta lake.

Wina akhoza kunena kuti ngozi zotere n'zapatalipatali. Afunse anthu a ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, anthu oposa 600 adafa ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Madzi ndi matope sizidasankhe kuti iyi ndi nyumba ya munthu, iyi ndi ya ana amasiye. Gulu lomwe lidataya denga ndi ufa wa chaka chonse lidayenera kuyambanso kupemphetsa, nthawi yomwe aliyense wapafupi nalo ankapemphanso.

Kunena zoona, inshuwalansi yofunika pamalo otere si yodabwitsa. Pali yoteteza nyumba ndi katundu ku moto, kuba kapena madzi osefukira. Pali ina yomwe imalipira munthu wina akavulala kapena kumwalira kaamba ka kulakwitsa kwa bungwe, monga ana akatsegula m'mimba atadya ufa woonongeka makolo n'kukasuma kubwalo la milandu. Imeneyi ndiyo ine ndikuiona yofunika koposa, chifukwa mlandu umodzi wokha ukhoza kutseketsa bungwe laling'ono, ana onse n'kubwerera kunyumba opanda phala. Palinso ya ngozi yogulira gulu lonse la anthu pakamodzi, momwe ongodzipereka angalowetsedwe.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife makampani a inshuwalansi sitiwakhulupirira. Timati amakoma potolera, koma ikafika nthawi yolipira amatulutsa timalemba ting'onoting'ono tomwe sitidawerenge. Dandauloli lili ndi mutu. N'chifukwa chake bungwe lisanasaine liyenera kufunsa mwatchutchutchu ngati madzi osefukira alimo, ngati ongodzipereka akuwerengedwa, komanso ngati ana onyamulidwa kumbuyo kwa lole popita kokacheza ali otetezedwa. Ndipo kampani ikazemba, kodandaula kulipo, pakuti makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Vuto lenileni ndi ndalama. Kagulu kam'mudzi komwe kamasonkha chimanga kuti ana adye sikangakwanitse kulipira chaka ndi chaka, ndipo nyumba ya udzu yopanda mapepala kampani ingaikane. Sindikuti mfumu iyendetse mbale ya inshuwalansi. Udindowu ukhale wa bungwe lalikulu lomwe limagwira ntchito kudzera m'timaguluto. Ligule chitetezo chimodzi chophimba sukulu zake zonse ndi anthu ake onse, ndipo ndalamayo ilembedwe mundondomeko ya chuma yopita kwa opereka thandizo, pamzere womwewo ndi mafuta a galimoto. Ngati ndalama za misonkhano ya kunyanja zimapezeka, izi zingalephere bwanji?

A CONGOMA akhoza kukambirana ndi makampaniwa m'malo mwa mamembala awo kuti mtengo utsike. A NGORA, omwe amalandira malipoti a mabungwewa chaka ndi chaka, angowonjezera funso limodzi pafomu: kodi anthu amene mumawasamalira, ndi amene amakugwirirani ntchito mwaulere, mwawateteza motani?

Potsanzikana, mayi wapampando uja adandipempha kuti ndikadzabweranso ndidzatenge waya woti atchingire pamoto paja.