Nyumba ya mmphawi ndiyo yodula

Ku Lupembe, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa tauni ya Karonga, kuli mayi anga aang'ono amene akhala akufolera nyumba imodzimodziyo chaka ndi chaka kuyambira ndili mwana. Okutobala akafika, dzuwa likuswa mtengo, amagula pepala lakuda la pulasitiki ndi mitolo ya udzu, n'kulipira mnyamata wokwera padenga. Pofika Febuluwale, ndowa ndi mabeseni zimakhala zitatcheredwa kale pansi, mphasa itakokeredwa pakona pouma.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sangogula malata kamodzi n'kupuma. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe," anatero, "ndalama ya malata imafunika yonse pamodzi. Yanga imabwera ngati madontho omwewa."

Mawu amenewa sandichoka. Mutaphatikiza zimene mayiwa alipira pa udzu, pulasitiki, kumata ming'alu ndi kudzutsa khoma logwa, ndikhulupirira kuti malata aja anawagula kalekale, koma sanagonepo pansi pake. Wopeza bwino amamanga kamodzi. Mmphawi amamanga nyumba yomweyo moyo wake wonse.

Anthu a ku Karonga anaziona izi ndi maso mu Disembala 2009. Zivomezi zinayamba pa 6, ndipo chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchezera pa 20, anthu ali m'tulo. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Nthaka inagwedezeka pansi pa wolemera ndi wosauka yemwe, koma makoma amene anagonja msanga anali a njerwa zolumikiza ndi dothi, opyapyala, opanda lamba wa konkire womanga nyumba yonse pamwamba pa mawindo. Palibe amene amasankha khoma lotere chifukwa cholikonda. Limasankhidwa ndi thumba.

Mu 2010 boma, pamodzi ndi mabungwe monga UN-Habitat ndi Malawi Red Cross Society, linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Ndi malangizo abwino, ndipo Karonga akuwafuna, pakuti ali m'chigwa cha Rift Valley momwe nthaka idzagwedezekanso. Koma maziko okuya ndi lamba wa konkire zimafuna simenti ndi zitsulo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo inathawa, pamene mlimi wa thonje ndi msodzi wa usipa anatsala pomwe anali. Kuuza munthu wotere kuti "manga motsata malangizo" popanda kumutsegulira njira ndi kumuonjezera chisoni.

Denga lodontha silinyowetsa mphasa yokha. Limanyowetsa makope a mwana wa Sitandade 8 amene adzalembe mayeso ofanana ndi mnzake wogona pouma. Limaoletsa chimanga cha m'matumba, limabweretsa chifuwa, ndipo mipata ya pansi pa denga imalowetsa udzudzu. Ndalama imene ikanalipira fizi kapena kugula feteleza imakwera padenga chaka chilichonse n'kuola pomwepo. Wapantchito ya pamwezi akhoza kupita ku banki kukatenga ngongole yomangira. Mayi anga aang'ono, okhala pamalo a makolo opanda chikalata, khomo limene limawatsegukira msanga ndi la katapila. Umu ndi momwe umphawi umachokera kwa kholo kupita kwa mwana.

Boma linayesapo ndi pologalamu ya Malata ndi Simenti m'nthawi ya ulamuliro woyamba wa Peter Mutharika, yomwe inkafuna kufikira mabanja 80 pachaka m'dera la phungu aliyense, opindulawo n'kudzabweza theka la mtengo. Ena anafoleradi. Koma mabanja 80 m'dera lonse ndi ochepa, ndipo thandizo lomangiriridwa ku ndale limatha ndale zikatembenuka.

Chimene ndikupempha n'chogwirika. Khonsolo ya Karonga iphunzitse amisiri a m'midzi, chifukwa iwo ndi amene amamanga nyumba za ku Lupembe. Mabanki mkhonde athandizidwe kupereka ngongole zing'onozing'ono za zipangizo, zobweza pokolola, kuti banja lizimanga chipinda chimodzi cholimba, chaka chinacho chinanso. Njira yake igwirizane ndi momwe ndalama ya mmphawi imabwerera, pang'onopang'ono. Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankanena denga lenileni, lija mudzi wonse unkanyamula n'kulikhazika pakhoma la mnzawo.

Chaka chino mayi anga aang'ono agula malata anayi. Awaimika kuseri kwa chitseko, atawakulunga m'chiguduli kuti asachite dzimbiri. Akuti atsala khumi ndi awiri. Udzu wa chaka chino augula kale.