Keyala ya kopaletivi isakhale m'thumba mwa mlembi

Chaka chatha, nthawi yokolola itatha, ndinaitanidwa ndi kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza m'chigawo chapakati kuti ndikawathandize kuyeza chinyezi ndi kusankha mbewu zawo zisanapite ku msika. Ntchito yanga ndi imeneyo: ndine mlangizi woima pandekha, ndipo amene wandiitana ndiye amandilipira. Ndinapeza soya wouma bwino, mtedza wosankhidwa wopanda chuku, matumba osokedwa atasanjidwa pa mathandala monga mmene timaphunzitsira. Alimiwo anali atachita mbali yawo yonse. Koma wogula amene ankamudikira sanabwere.

Patapita masabata atatu a tcheyamani anaimba lamya ku kampaniyo ku Lilongwe, ndipo yankho limene analandira linawafoola nkhongono. Kampaniyo inati inalemba makalata atatu pa imelo kufunsa kuchuluka kwa katundu ndi tsiku loti lole ibwere, ndipo itaona kuti kuli zii inakagula kwina. Makalatawo anapita ku keyala ya Gmail imene anatsegula mlembi wakale, mnyamata amene anapita ku Joni mu Febuluwale kukafuna maganyu. Mawu achinsinsi otsegulira anali m'mutu mwake, ndipo nambala ya foni yobwezeretsera inali pa simu khadi imene anaisiya kalekale. Palibe anaba, palibe ananama. Soya uja anathera kwa mavenda pa mtengo wolira, ndipo ngongole ya mbewu inatsala pakhosi pa alimi.

Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa gulu lililonse limene ndapitako kuti keyala yawo ya imelo ndi ya yani. Kawirikawiri amayang'anana, kenaka wina amaloza mnyamata amene ali ndi foni yaikulu.

Achikumbe anzanga amene munaona masiku a positi ofesi mundimvetsa msanga. Ine ndili mwana makalata a bambo anga ankadzera ku bokosi la sukulu ya pulayimale ya kwathu, ndipo a hedimasitala akapita ku tchuthi makalata nawo ankapita ku tchuthi. Kalabu imene yakhwima inkachita lendi bokosi lakelake m'dzina la kalabuyo. Mlembi akasintha, kiyi inkaperekedwa kwa mlembi watsopano, bokosi n'kukhala lomwelo, nambala n'kukhala yomweyo pa chidindo ndi pa mapepala. Palibe kalabu imene inaganizapo zomanga positi ofesi yakeyake, ndipo palibe kalabu yanzeru imene inakhutira ndi bokosi la a hedimasitala. Maganizo anga ndi akuti kopaletivi iliyonse imene ikugulitsa kwa makampani, kukongola ku banki kapena kulembera mabungwe othandiza ichite chimodzimodzi ndi imelo: ichite lendi, ndipo lendiyo ikhale m'dzina la gulu.

Zimayenda motere. Poyamba gulu limalembetsa dzina lake pa intaneti, limene amalitcha domeni, ndipo la kuno kwathu limathera ndi .mw pamene ena amakonda lothera ndi .com kapena .org. Dzinali limalipiridwa chaka ndi chaka. Kenaka gulu limapangana ndi kampani imene ili ndi makompyuta akuluakulu osazima usiku ndi usana, otchedwa maseva, kuti izilandira ndi kusunga makalata onse obwera ku dzinalo. Odziwika kwambiri ndi Google Workspace, imene mpaka 2020 inkatchedwa G Suite, Microsoft 365, ndi Zoho ya ku India, komanso alipo makampani a m'dziko muno amene amagwira ntchito yomweyi. Mukatero mumatsegula makeyala a maudindo osati a anthu: ya mlembi, ya msungichuma, ya zamalonda. Makalata mumawawerenga pa foni wamba ya intaneti, pa bandulo yomwe ija ya Airtel kapena TNM.

Kusiyana kwake ndi Gmail yaulere kuli pa munthu mmodzi amene amatchedwa woyang'anira. Iyeyu ali ndi mphamvu yosintha mawu achinsinsi a keyala iliyonse ya gululo, kuitseka kapena kuipereka kwa wina. Mlembi akapita ku Joni, akamwalira kapena akachotsedwa pa msonkhano waukulu, woyang'anira amasintha mawu achinsinsi tsiku lomwelo, ndipo mlembi watsopano amapeza makalata onse akale ali momwemo, mapangano a mitengo, malisiti ndi mayina a ogula. Keyala yaulere ndi ya munthu amene anaitsegula basi, ngakhale italembedwa dzina la kopaletivi. Komanso kuyambira Disembala 2023 Google inayamba kufufuta makeyala aulere amene atha zaka ziwiri osatsegulidwa, lamulo limene silikhudza makeyala a lendi a mabungwe.

Pali ena, makamaka achinyamata amene aphunzira za makompyuta, amene amati bwanji tingogula makina athuathu tiike mu ofesi, tisamalipire azungu mwezi ndi mwezi. Mtima umenewu ndimaulemekeza koma ndimaukana. Seva imafuna magetsi ndi intaneti nthawi zonse, ndipo magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo panatha nthawi yoposa chaka makinawo asanabwerere onse pa ntchito. Amene munali ndi chigayo kapena shopu yowotcherera zitsulo simunaiwale. Tsono kalata ikatumizidwa kwa seva yozima, makina a wotumiza amayesayesa kwa masiku owerengeka kenaka amaibweza. Onjezanipo fumbi la mu Okutobala, mphenzi za mu Disembala, akuba, ndi katswiri amene ayenera kuchokera ku tauni pa ndalama zanu. Ndipo ngakhale zonsezi mutazigonjetsa, makalata ochokera ku kaseva kosadziwika nthawi zambiri amaponyedwa ku zinyalala ndi makompyuta a ogula, wogulayo osawaona n'komwe.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ine monga mlangizi si makalata ayi, koma kalendala imene imabwera pamodzi ndi lendiyo. Ulimi ndi masiku. Feteleza wobereketsa amafunika patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, ndipo amene wathira chimanga chitayamba kale ngaiyaye wataya ndalama zake pachabe. Katemera wa chitopa wa I-2 amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo gulu likaphonya ulendo umodzi nkhuku za mudzi wonse zimatha ngati moto wolusa. Mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinatipeza mu nyengo ya 2016/17, zimafuna kuti mlimi aziyendera munda sabata ndi sabata chimanga chikadali chanthete, chifukwa zikakula n'kubisala mu nsonga mankhwala amavutika kuzipeza. Pamwamba pa izi pali tsiku lobweza ngongole, tsiku la msonkhano waukulu wa pachaka, tsiku lowerengetsa mabuku a ndalama, tsiku lobwera lole.

Masiku onsewa m'magulu ambiri amakhala m'kope limodzi la mlembi, ndipo kopelo likanyowa kapena mwini wake akapita ku maliro kutali, gulu lonse limakhala mu mdima. Pa kalendala ya gulu tsiku likalembedwa ndi munthu mmodzi limaoneka pa mafoni a komiti yonse, ndipo foni imalira kukumbutsa kudakali masiku awiri kapena sabata, monga mmene mwaikonzera. Msonkhano ukasunthidwa, umasunthika kwa onse nthawi imodzi, osati a tcheyamani kupalasa njinga mudzi ndi mudzi. Ine ndikamagwira ntchito ndi gulu lotere ndimapempha kuti andionetse kalendala yawo, ndipo ndimaikamo ndekha masiku oyendera minda potengera tsiku limene anadzala. Kalendala siigwetsa mvula, zimenezo tisanamizane. Tsiku lodzala limalembedwa mvula itagwa, ndipo masiku ena onse amawerengedwa kuchokera pamenepo.

Kwa amene ayamba kugulitsa kunja pali kaphindu kena. Wogula wa ku London akati tilankhulane 10 koloko m'mawa, kuno imakhala 12 koloko mu Januwale koma 11 koloko mu Julayi, chifukwa iwo amasuntha mawotchi awo kawiri pa chaka pamene ife sitisuntha. Kalendala imawerengera yokha zimenezi.

Sindibisa kuti nkhaniyi ili ndi minga. Makampani akunjawa amalipiritsa m'madola, keyala iliyonse mwezi uliwonse, ndipo amafuna khadi la ku banki lolipirira kunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti lendi imene gulu linaiona yopepuka poyamba inalemera. Madolawo kuwapeza ku banki ndi nkhani inanso. Mukalephera kulipira keyala imatsekedwa, ndipo nthawi yachisomo ikatha makalata amafufutidwa. Choncho malangizo anga ndi akuti musatsegulire membala aliyense keyala. Ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo keyala imodzi ikhoza kukhala ndi mayina ena owonjezera olowera m'bokosi lomwelo popanda kulipira china. Lipirani chaka chonse nthawi imodzi mukangogulitsa zokolola, ndalama zikadali m'manja, osati kudikira Febuluwale pamene aliyense akusaka ufa. Ndipo funsani kaye makampani a kuno amene amalandira makwacha, koma muwafunse mafunso awiri: makalata athu mumasunga kuti, ndipo tikafuna kusamuka mudzatipatsa onse?

Ena adzati WhatsApp ikutikwanira. Pa kuitanizana ku msonkhano ndi kutumizirana zithunzi za mbozi ikukwaniradi, ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma nambala ya foni nayo ndi ya munthu, yolembetsedwa pa chiphaso chake cha unzika, ndipo foni ikagwera m'chitsime mapangano amapita nayo limodzi. Banki, kampani yogula ndi bungwe loitanitsa ma tenda amafuna kalata yoti akaisunge mu failo. Kalabu ya anthu khumi imene imagulitsa tomato pa msika wa pa trading centre isadzivutitse ndi zonsezi, ndalamazo igulire mbewu. Ndikunena za magulu amene katundu wawo amanyamulidwa pa lole.

Msampha waukulu umene ndauona uli pa kulembetsa. Komiti imatuma mnyamata wodziwa makompyuta, iye n'kulembetsa domeni m'dzina lake, pa keyala yake ndi nambala yake, mwina mosaganiza choipa chilichonse. Mwatuluka m'thumba mwa mlembi n'kulowa m'thumba mwa mnyamatayo. Tsiku limene mudzakangane naye za malipiro ndi pamene mudzadziwe kuti bokosi ndi lake. Onetsetsani kuti pa mapepala olembetsera pali dzina la kopaletivi monga lilili pa satifiketi yanu, kuti oyang'anira ndi anthu awiri a mu komiti osati mmodzi, ndipo kuti nambala yolandirira uthenga wotsimikizira ili pa foni ya gulu. Ena mwa makampaniwa amaperekanso manambala apadera otsegulira foni ikatayika. Asindikizeni pa pepala, muwaike mu envulopu, musunge pamodzi ndi satifiketi ndi buku la ku banki.

Dziwaninso kuti keyala yooneka bwino siithamangitsa akathyali. Pali chinyengo chofala padziko lonse chimene wakuba amalemba kalata yofanana ndi ya kampani imene mumagulako feteleza, n'kunena kuti tasintha akaunti ya ku banki, tumizani ndalama ku iyi. Kalata iliyonse yonena za kusintha akaunti muziyamba mwaimbira lamya mwini wake pa nambala imene mukuidziwa kale, osati imene yalembedwa m'kalatamo. Ogula anu muwauze kuti azichita chimodzimodzi akalandira kalata yotere m'dzina lanu.

Kopaletivi ija ndinabwererako mwezi wa Okutobala kukakonzekera nawo nyengo yodzala. Anali atakangana pa msonkhano kwa maola awiri, ena akuti ndalama za lendi ndi zokwana kugula mbewu ya munda wachitsanzo, koma amayi ena achikulire anangofunsa kuti soya wa chaka chatha anatayitsa ndalama zingati, ndipo mkangano unathera pomwepo. Anatsegula makeyala awiri, oyang'anira ndi a tcheyamani ndi a msungichuma. Pa mndandanda wa katundu amene komiti yotuluka imapereka kwa yolowa, pansi pa sikelo, chidindo ndi makiyi a nyumba yosungiramo mbewu, awonjezerapo envulopu ija. Tsiku loyamba limene mlembi watsopano analemba pa kalendala ndi lolipira domeni chaka chamawa, ndipo anaika kuti foni idzalire kudakali mwezi wathunthu.