Tchaja imodzi, ngakhale ku Barking

Mu 2016, anthu 62 mwa 100 alionse amene anavota m'dera la Barking and Dagenham ku London anasankha kuti Britain ituluke m'bungwe la European Union (EU). Anatopa kumvera malamulo a ku Brussels, kulikulu la bungweli. Koma wogula foni yatsopano lero m'mashopu a pa East Street ku Barking akupita kunyumba ndi chingwe cha USB-C, chomwe Brussels yomweyo inalamula.

Lamulolo linavomerezedwa mu 2022. Kuyambira pa 28 Disembala 2024, mafoni ndi matabuleti atsopano ogulitsidwa m'maiko a EU ayenera kutchajidwa ndi USB-C, pomwe malaputopu anapatsidwa mpaka pa 28 Epulo 2026. Kampani ya Apple inalimbalimba kwa zaka, ikuti lamuloli lipha luso lopanga zatsopano. Chomwe sinkanena mokweza n'chakuti opanga zingwe za Lightning, zomwe zinkatchajira iPhone, ankailipira kuti apeze chilolezo. Mu Seputembala 2023 iPhone 15 inatuluka ndi USB-C dziko lonse lapansi. Ndani angavutike kupangira England yokha mtundu wakewake?

Ife tikuti Brussels inachita bwino. Makampani azipikisana pa batire, liwiro ndi mtengo, asamamangirire kasitomala pachingwe ngati mbuzi.

Kwathu kuno ku Malawi vuto ndi lina: matchaja achinyengo, otchipa, omwe amapha batire ndi kuotcha foni yomwe m'bale anavutikira kutumiza kuchokera ku London. A Malawi Bureau of Standards, yang'anitsitsani katundu wolowa pa Mwanza, Dedza ndi Songwe.