Phunziro la Kukankha ndi Kukoka Liyambire Pabwalo

M'dziko la Mfumu Chikomeni, kumwera kwa Lundazi, pafupi ndi nkhalango ya zinyama ya Lukusuzi, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri adziwa kale kutunga madzi pacitsime, kusinja mumtondo ndi kuyendetsa galimoto wake wa waya. Nchito zonsezi nza kukankha ndi kukoka. Koma mwana yemweyo akalowa m'kalasi, kawirikawiri apatsidwa mau ocepa a pabolodi, onena kuti mphamvu ndiyo kukankha kapena kukoka, nauzidwa kuti awaloweze pamtima. Awalowezadi, nawabwereza bwino tsiku la mayeso, koma sazindikira kuti mauwo anena za cingwe cimene cinamturutsa matuza m'manja m'mawa. Kaphunzitsidwe kotere nkoperewera. Phunziroli liyenera kuyambira pabwalo, kulemba kudze pambuyo.

Cifukwa cake cacikuru ndi cakuti pa nkhani imeneyi maso anyenga. Mwana akakankha galimoto wake ndi kumleka, galimotoyo aima. Tsono mwanayo aganiza kuti kanthu kayenda pokhapokha pali wokakankha. Sayenera kusekedwa ai, pakuti Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece amene anafa zaka 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa zofanana ndi zimenezo, ndipo ophunzira anambvomereza zaka pafupifupi 2,000. Galileo wa ku Italy anatsutsa ganizolo atagubuduza timipira pa matabwa osalala. Pambuyo pace, m'caka ca 1687, Isaac Newton wa ku England anasindikiza lamulo lakuti kanthu koyenda sikaima kapena kukhota ngati palibe mphamvu ina yokagwira. Cimene ciimitsa galimoto wa waya ndico kukhulana kwa mawilo ndi nthaka. Ngati akuluakulu otere anacedwa kuona cimeneci, mwana wamng'ono angacimve bwanji ndi mzere umodzi wa coko?

Koma manja ace angathe kucimva msanga. Mwana atenge njerwa, aimange ndi mphira yodulidwa ku cubu cakale ca njinga, naikoke pamcenga. Mphira itamuka kwambiri njerwa isanasunthe. Aikokenso pa simenti ya pakhonde la sukulu, ndipo mphira itamuka pang'ono. Potsiriza aike timitengo ta nsungwi tinai pansi pa njerwayo, ndipo adzadabwa kuona kuti iyenda mphira isanatamuke nkomwe. Njerwa ndi yomweyo, wokoka ndi yemweyo, casintha nciani? Mwana amene wayankha yekha funso limeneli sasowa womuuza cifukwa cace ngolo iri ndi mawilo, ndiponso cifukwa cace atate ace athira mafuta pa cheni ca njinga.

Alipo aphunzitsi ena amene anena kuti nthawi njocepa, ana ngocuruka, ndipo sukulu za kumidzi ziribe zipangizo za sayansi. Pa za kucuruka kwa ana anena zoona, ndipo kuturutsa kalasi lalikuru pabwalo si nchito yopepuka. Koma pa za zipangizo alakwa ndithu. Phunziro ili lifuna njerwa, mphira, cingwe ndi cidebe, ndipo palibe mudzi wa kwa Chikomeni umene ulibe zimenezi. Nthawinso siitayika, pakuti mau oloweza afunika kuwabwereza sabata ndi sabata, pamene cinthu cimene mwana wacimva m'mikono yace saciiwala msanga.

Ngolo ya ng'ombe, imene ambiri aicha cikocikale, iposa zipangizo zonse. Ana akafunsidwa ngati ng'ombe zikankha kapena zikoka, onse apfuula kuti zikoka. Koma akayang'anitsitsa aona kuti ng'ombe zikankha goli ndi makosi ao, ndipo goli ndilo likoka ngolo. Mkangano umene ubuka pamenepo ngwabwino, ndipo mphunzitsi wanzeru saufulumira kuuthetsa.

Pangoloyo palinso cinthu cosati ca masewera. Dziko lapansi likoka thumba la cimanga la makilogramu 50 ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 490, muyeso umene unachedwa dzina la Newton uja. Matumba khumi ndiye kuti manyutoni 4,900. Pamalo osalala nthaka icirikiza katundu yenseyo. Koma pamtsetse wotsikira kudambo gawo la mphamvuyo likokera ngolo kutsogolo, ndipo ngolo iyamba kukankha ng'ombe m'malo mwa kukokedwa. Katundu akacuruka, kuimitsa kubvuta koposa. Nthawi yokolola anyamata ang'onoang'ono ndiwo aperekeza ngolo zimenezi, ndipo ena akhala pamwamba pa matumba, ena ayenda patsogolo pa ng'ombe. Mnyamata wodziwa kumene mphamvu iloza atsika asanafike pamtsetse, nayenda pambali.

Ana a makalasi apamwamba, amene adziwa kale kuwerengera manyutoni, angathe kuthandiza aphunzitsi pa nchito imeneyi. Iwowa ndiwo apita ndi ang'ono ao kucitsime tsiku ndi tsiku. Pamenepo mkuru angapatse mng'ono wace cingwe kuti akoke cidebe copanda kanthu, kenaka codzaza theka, kenaka codzaza ndithu, namfunsa kuti ndani akukokera cidebeco pansi pamene iye akucikokera kumwamba.