Kodi woomba nyanga angatenge digiri?

Kholo la ku Moatize likagulitsa mbuzi kuti mwana apite ku sukulu ya ukachenjede, limayembekeza kuti mwanayo adzabwera atavala chipewa cholimba cha kumgodi kapena chovala choyera cha kuchipatala. Nzosadabwitsa, poti sukulu za m'chigawo chino zimadziwika ndi zomwezo. Instituto Superior Politécnico de Tete imasula akatswiri a za migodi, pomwe UniZambeze ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè. Tsono mwana atati wamaliza licenciatura nkunena kuti akufuna kupitiriza mestrado ya kuvina, kuimba kapena kusema, pakhomo pangabuke mlandu wofunika kuitanira amalume.

Komatu maphunziro oterewa alipo, ndipo si a masewera. M'maiko monga Britain, Australia ndi South Africa muli sukulu za ukachenjede zomwe zimalola munthu kuchita kafukufuku wa mestrado, ngakhale wa doutoramento, pogwiritsa ntchito luso lake lenilenilo. Wophunzira amayamba ndi funso lomwe buku silingayankhe palokha. Kenaka amapanga chinthu, kaya ndi sewero, nyimbo, gule kapena chosema, ndipo akamapanga amalemba tsiku ndi tsiku zomwe wayesa, zomwe zakanika ndi zomwe waphunzirapo. Pamapeto oyesa mayeso amakhala pansi kuonerera ntchito ija, nawerenganso chikalata chofotokoza nzeru yatsopano yomwe yatulukamo. Chikalatacho chimakhala chachifupi kusiyana ndi cha amene angofufuza m'mabuku, koma kuchithawa ndiye ayi. Wovina bwino amene sangathe kufotokoza zomwe wapeza amalephera ndithu, ngakhale bwalo lonse litamuululutira.

Anthu a m'mbali mwa Zambezi asaone ngati izi nzachilendo, chifukwa chitsanzo chake chabwino chinachokera konkuno. Nyanga, gule wa zitoliro wa Anyungwe, ndi wovuta kumumvetsa poonerera chabe. Munthu aliyense amagwira zitoliro zake zochepa zomangidwa pamodzi, ndipo palibe mmodzi amene ali ndi nyimbo yonse. Uyu akaomba, mnzake amalowetsa mawu ake pampata womwe watsala. Munthu yemweyo pakati pa kuomba amaimbanso ndi pakamwa, uku akupuma, uku miyendo ikuponda sitepe ina yake ndi maseche akulira, onse akuzungulira bwalo, amayi akuthirira mang'ombe. Womvera ali patali amamva ngati chinthu chimodzi chachikulu chikulira. Akafunsa kuti nyimboyo ikuchokera kwa yani, palibe womuloza.

Andrew Tracey wa ku International Library of African Music, nyumba yosunga nyimbo za mu Africa yomwe bambo ake Hugh Tracey anakhazikitsa mu 1954, atafika m'chigawo cha Tete sanakhutire ndi kujambula mawu pa tepi. Anaphunzira kuomba zitolirozo ndi kuponda masitepe ake, gawo ndi gawo, kuchokera kwa eni gule. Zomwe anapeza anazisindikiza mu 1971 m'magazini ya African Music, ndipo mu 1992 analembanso za masitepe a guleyu. Nyumba ija itasamukira ku Rhodes University mu 1978, iye ankaphunzitsa ena kuomba nyanga kumeneko. Anamwalira mu 2024. Nkhani yake ikuonetsa poyera chomwe aphunzitsi a masiku ano amatanthauza akamati pali nzeru zina zomwe zimakhala m'thupi. Kuti mpweya ulowe pati ndi kutuluka pati pamene phazi likutera pansi, munthu amadziwa pokhapokha atabanika yekha kangapo.

Wina angati ameneyo anali mzungu wa ndalama zake. Chabwino. Nanga a Moya Aliya Malamusi? Iwowa ndi a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka, ulendo wa maola ochepa kuchokera pa chipata cha Zóbuè kudzera ku Mwanza. Anaimba m'gulu la Donald Kachamba, mng'ono wake wa Daniel Kachamba, anyamata a gitala ndi kwela omwe katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anakumana nawo mu 1967 nkuyamba kuimba nawo limodzi. A Malamusi anayamba ngati woimba, kenaka anasanduka wofufuza, nakhazikitsa ntchito yosonkhanitsa nthano ndi nyimbo kwawo komweko, mpaka anatenga digiri ya udokotala ku Vienna. Mu 1992 analemba m'magazini yomwe ija za gulu la ngororombe la a Sakha Bulaundi, lomwe gule wake ndi wa mtundu umodzi ndi nyanga. Naye Donald Kachamba, amene luso lake sanalitenge m'kalasi, anaitanidwa mu 1999 kukaphunzitsa ophunzira a pa University of California ku Los Angeles. Anthu amene ankamuona akuliza chitoliro m'misewu ya Blantyre ali mwana sakanalota zimenezo.

Vuto la mwana wa kuno ndi mtunda ndi chilankhulo. Sukulu zophunzitsa zaluso m'dziko muno, monga Escola de Comunicação e Artes ya Universidade Eduardo Mondlane ndi ISArC ya ku Matola, zili kummwera, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Zomba ili pafupi kwambiri, ndipo sukulu ya kumeneko, yomwe kale inkatchedwa Chancellor College, ili ndi mbiri yakale ya masewero. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankatenga ophunzira kupita nawo m'midzi kukapanga masewero pamodzi ndi eni mudzi pa nkhani zaumoyo, ndipo zotsatira zake zinalembedwa m'mabuku. Koma kumeneko mayeso ndi a Chingerezi, pomwe mwana wa ku Zóbuè wakula ndi Chipwitikizi m'kalasi, Chichewa kapena Chinyungwe pakhomo. Ndalama za ulendo, za malo ogona ndi za makina ojambulira nazonso sizitoledwa pansi.

Funso loti akamaliza adzadya chiyani ndi loyenera, ndipo kholo lisachite manyazi kulifunsa. Ambiri otenga madigiri otere amathera pa uphunzitsi, m'nyumba zosunga za chikhalidwe, m'mabungwe ofufuza monga ARPAC, kapena pa wailesi. Malipiro ake safika pa a injiniya wa malasha. Amene angauze kholo kuti gule alemeretsa mwana msanga akunama.

Chomwe chikuchititsa kuti nkhaniyi ikhale ya changu ndi china. Mgodi waukulu wa Moatize usanatsegulidwe ndi kampani ya Vale mu 2011, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa m'malo monga Chipanga, Mithete ndi Malabwe pakati pa 2009 ndi 2010, ena kupita ku Cateme, ena ku bairro ya 25 de Setembro. Mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022, koma midzi ija sinabwerere. Gule ngati nyanga amafuna anthu ambiri odziwana, aliyense ndi gawo lake. Akamwazikana, kapena anyamata akapita ku maganyu, nkhalamba yotsala ndi zitoliro zake ziwiri singaimbe nyimbo yonse. Zoterezi zinaonekanso nthawi ya nkhondo, pamene anthu a m'malire muno anakhamukira ku Malawi mpaka mtendere wa 1992. Tepi imasunga phokoso lake, koma kuti gule aimbidwenso pamafunika munthu woti analowa m'bwalo naphunzira magawo ake. Apa mpamene wophunzira wofufuza ndi thupi lake amaposa wongobwera ndi kope ndi cholembera.

Pali poterera pena. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo kuyambira pamenepo ofuna kumufufuza sasowa. Koma sukulu ya ukachenjede imafuna kuti zomwe wapeza uziike poyera, pomwe dambwe lili ndi malamulo ake. Mwana wolowa gule amene akufuna digiri amakhala pakati pa eni awiri. Sukulu zabwino zimalamula kuti wofufuza apemphe chilolezo kwa anthu asanayambe, awauze komwe zojambulazo zidzapite, ndipo zimalola kuti zina zisalembedwe konse. Zomwe zimaonekera pabwalo masana, monga nyimbo, ng'oma ndi kavinidwe, nzokwanira kudzaza mabuku ambiri popanda kukhudza za kumanda.

Choncho mfumu kapena mkulu wa gule akalandira mnyamata wa chikwama ndi kamera, kaya ndi mlendo kaya ndi mdzukulu wa m'mudzi momwemo, ali ndi ufulu womukhazika pamphasa nkumufunsa bwinobwino. Kalata ya sukulu yake ili kuti? Dzina la amene amuphunzitse kuomba lidzalembedwa pa chikalata chija, kapena adzangotchedwa "anthu a m'mudzi wina"? Zojambulazo zikatha, kope lake lidzabwera ku sukulu ya pulaimale ya m'deralo? Ndipo tsiku loonetsa ntchitoyo, kodi singayambe yaonetsedwa pabwalo la mudzi isanapite kwa oyesa mayeso a ku Maputo kapena ku Zomba? Wophunzira amene aphunzitsi ake anamukonzekeretsa bwino amakhala ndi mayankho a mafunso onsewa asanatsike chapa pa Zóbuè.