ZA ZIPEMBEDZO M'DZIKO LINO: Mulungu Amene Amwenye a ku Livingstone Amucha Mai

M'komboni ya Linda, mu mzinda wa Livingstone, muli amai ndi abambo ambiri amene anagwirapo nchito m'masitolo ndi m'nyumba za Amwenye. Iwowa adziwa kuti m'mwezi wa September kapena October pafika masiku 9 pamene zinthu zisintha m'nyumba ya Mmwenye wa cipembedzo ca Cihindu. Mai wa panyumba asala zakudya zina, anyezi ndi adyo salowa mumphika, pa kagome ka pangodya payaka nyali ya mafuta imene ena saizima usana ndi usiku, ndipo madzulo banja lonse libvala zonyezimira ndi kupita kukabvina. Wanchito aona zonsezi koma kawirikawiri safunsa, ndipo bwana wake samuuza. Nkhani imene sinenedwa poyera imakanenedwa pa mpopi wa madzi, ndipo pocoka pamenepo yasanduka ina.

Anthu a Livingstone adziwa kumene mphekesera zotere zifikitsa. M'caka ca 1995 munabuka mbiri mu mzindamo yakuti amalonda ena a Cimwenye anali kugula ziwalo za ana ophedwa. Khamu la anthu linalowa m'tauni, masitolo a Amwenye anaphwanyidwa ndipo katundu anafunkhidwa. Zinali zaka zobvuta, pamene mafakitale a nsalu ndi ena anali kutsekedwa ndipo anyamata ambiri a m'makomboni anali pa ulova. Koma njala yokha siikadasankha khomo loti iphwanye. Cimene cinaloza khomolo ndi kusadziwana kwa anthu amene akhala mu mzinda umodzi kwa mibadwo itatu kapena inai. Safunsa anadya phula.

Owerenga a kum'mawa azolowera Amwenye a ku Chipata, amene ambiri ndi Asilamu ndipo makolo ao analowa m'dziko lino kudzera ku Nyasaland kuyambira ca m'ma 1905. A ku Livingstone njira yao inali ina. Ambiri ndi Ahindu ocokera ku cigawo ca Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo anatsata njanji kucokera ku Bulawayo ulalo wa pa Zambezi utamangidwa mu 1905. Pa masiku a tsankho, pamene munthu wakuda anali kugulira pa zenera m'sitolo ya Mzungu, nsalu, mabulangete ndi njinga anali kuzipeza kwa iwowa.

Cikondwerero ca masiku 9 cija dzina lake ndi Navratri, kutanthauza mausiku 9, ndipo amene alemekezedwa pa masikuwo ndi mulungu wamkazi. Maina ake ndi ambiri: Durga, Kali, Parvati, Lakshmi. Anthu a ku Gujarat akonda kumucha Amba, ndiye kuti Mai. Aphunzitsi ao anena kuti maina onsewa ndi a mphamvu imodzi yochedwa Shakti, imene imeretsa mbeu, iyendetsa magazi m'thupi, ibala, iyamwitsa, ndiponso iononga pamene nthawi yoononga yakwana. Mwa ciphunzitso cimeneci mulungu wamwamuna, Shiva, ali cete ngati thanthwe, ndipo popanda Shakti angofanana ndi mtembo. Gule amene abvina madzulo aja achedwa garba, dzina locokera ku liu lotanthauza mimba ya mai. Abvina mozungulira, akuomba m'manja, pakati ataika mphika wadothi wobooledwa mabowo, m'kati mwake mukuyaka nyali. Mphika ndiwo mimba, nyali ndiyo moyo.

Maganizo amenewa anafotokozedwa mwakuya m'mabuku ochedwa Tantra, amene anayamba kulembedwa m'cinenero ca Sanskrit zaka ngati 1,400 zapitazo. Liulo lifanana ndi ulusi woyala pa coombera nsalu. Ambiri a mabukuwa alembedwa monga kuceza kwa Shiva ndi mkazi wake, wina akufunsa wina akuyankha. Cimene ciwasiyanitsa ndi ziphunzitso zina za ku India ndi ici: sanena kuti thupi ndi mdani woti munthu amthawe, koma kuti ndi nyumba imene Mai uja akhalamo, ndipo wofuna kumupeza ayambire pamenepo.

Njira yake ndi yolemetsa, ndipo munthu sailowa yekha. Ayenera kupeza mphunzitsi, wochedwa guru, amene amuyesa kwa nthawi yaitali asanambvinire, monga momwe namkungwi sauza mwambo mwana wosatha msinkhu. Akabvinidwa apatsidwa mantra, mau aafupi amene awabwereza mazana kapena zikwi tsiku ndi tsiku, akuwerenga pa mkanda wa mikanda 108. Apatsidwanso yantra, cithunzi ca mizere coti ayang'anepo popemphera. Cochuka koposa ndi Sri Yantra: zithunzi 9 za ngodya zitatu zolukana, 5 zoloza pansi zoimira Shakti, 4 zoloza kumwamba zoimira Shiva, ndipo pakati penipeni pali kadontho kamodzi. Ku Ambaji, kacisi wamkulu wa Amba m'cigawo ca Gujarat, mulibe fano la munthu m'malo opatulikamo. Cimene anthu zikwi zambiri apita kukagwadira ndi yantra. Pamenepa ndi pamene mai wosala zakudya wa ku Livingstone akomana ndi Tantra, cinkana iye mwini angadabwe atauzidwa kuti ndi wa Tantra. Ahindu ambiri si obvinidwa m'njirayi ai. Apembedza Mai mwa nyimbo, maluwa ndi kusala, monga Mkhristu wamba apemphera osakhala wansembe.

Obvinidwa aphunzitsidwanso za Kundalini. Anena kuti mphamvu ya Mai igona pansi pa msana wa munthu aliyense ngati njoka yodzikulunga katatu ndi theka, ndipo mwa kulamula mpweya, kukhala cete ndi kubwereza mantra, njokayo idzuka ndi kukwera msana, kupyola malo 6 ochedwa chakra, kufikira pa liombo pamene ikomana ndi Shiva. Izi ndi za cikhulupiriro, ndipo dokotala wong'amba thupi sapezamo njoka kapena chakra. Aphunzitsi enieni acenjeza kuti wocita zimenezi mwaphuma ndi mopanda womtsogolera angathe kudwala mutu.

Cimene cingadabwitse owerenga kwambiri cili ku Kamakhya, kacisi wa pa phiri la Nilachal mu mzinda wa Guwahati, cigawo ca Assam, amene ndiye likulu la a Tantra. M'menemonso mulibe fano, koma mng'alu wa m'thanthwe wonyowa ndi madzi a kasupe. Caka ndi caka m'mwezi wa June, mvula ikamayamba kumeneko, kacisiyo atsekedwa masiku 3 cifukwa akhulupirira kuti Mai, amene ndiye dziko lapansi, ali kumwezi. Alimi ena a m'deralo sagwira khasu pa masikuwo. Zitseko zikatsegulidwa anthu alimbirana tizidutswa ta nsalu yofiira kuti apite nato kwao. Kumeneko nsembe za mbuzi ziperekedwa kufikira lero, pamene Ahindu ambiri a ku Gujarat nyama sadya ndi pang'ono pomwe.

Nkhalamba ya ku Katete kapena ku Chadiza ikamva zonsezi siingati ndi zacilendo kotheratu. Acewa anali ndi Makewana, mai wa ana onse, amene anali kukhala pa kacisi wa Cisumphi ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama m'boma la Lilongwe ku Malawi. Anali wa pfuko la Banda, sanali kukwatiwa ndi munthu popeza anali kuyesedwa mkazi wa Cauta, ndipo tsitsi lake silinali kumetedwa poopa kuti mvula ingadulidwe nalo. Anali kutumikiridwa ndi atsikana ochedwa matsano. Cilala cikagwa mafumu anali kutumiza nsembe kwa iye, ndipo ngakhale mfumu ya mikondo yambiri inalibe mau pa za mvula. M'mwambo wa pa Msinja munalinso njoka yopatulika, Thunga, imene malo ake anali kuimiridwa ndi Kamundi wa pfuko la Mbewe. Palibe cifukwa coganizira kuti Msinja anaphunzira kwa Assam kapena Assam kwa Msinja. Thunga ndi wa mvula ndi kubala kwa mtundu wonse, pamene Kundalini ndi wa munthu mmodzi wokhala cete m'cipinda cake. Cofanana ndi cakuti alimi a mbali ziwirizi, poona nthaka ikulandira mvula ndi kubala, anaika makiyi a moyo m'manja mwa mkazi. Alipo ena amene aona ngakhale m'dzina lakuti Namalenga "Na" yemweyo wa NaBanda ndi NaPhiri.

Wa ku Linda safunika kupita kutali cotero. Pafupi ndi Mathithi pali mudzi wa Mfumu Mukuni wa anthu a Cileya, kumene ufumu uli pawiri. Pambali pa mfumu pali Bedyango, mai amene udindo wake uyenda mwa akazi okha-okha. Iye ndiye woyang'anira za nthaka ndi za mizimu, atsogolera mapemphero a mvula ndi mwambo wa Lwiindi, ndipo mfumu yatsopano siikhala pa mpando iye osagwirapo dzanja. Alendo ambiri amene acezera mudziwo abwerako ndi ziboliboli, osadziwa kuti apyola pakhomo pa munthu wotere.

Koma dzina la Tantra lili ndi mbiri inanso, ndipo ndi imene ifika msanga m'mafoni a acinyamata. Ndi zoona kuti kagulu kena kakang'ono, kochedwa ka dzanja lamanzere, kanali kugwiritsa nchito zinthu 5 zoletsedwa pa mwambo wobisika: mowa, nyama, nsomba, mbeu zokazinga ndi kukhala malo amodzi mwamuna ndi mkazi. Magulu ambiri anasiya zimenezi kale-kale ndi kuikapo zizindikiro cabe, monga madzi a kokonati m'malo mwa mowa. Azungu a m'nthawi ya atsamunda anagwira kagawo kameneka nkunena kuti Tantra yonse ndi zonyansa. Woweruza wina wa khoti lalikulu la ku Calcutta, Sir John Woodroffe, amene anali kulemba ndi dzina lakuti Arthur Avalon, anayesa kuwongola mbiriyo m'buku lake la mu 1919, The Serpent Power. Koma pofika m'ma 1970, pamene Rajneesh anatsegula malo ake ku Poona mu 1974 ndipo acinyamata a ku Ulaya ndi ku America anakhamukirako, cimene atsamunda ananyansidwa naco ndico cimene zidzukulu zao zinapita kukagula. Lero pa intaneti pali ambiri ogulitsa maphunziro a masiku awiri kapena atatu, olonjeza mkazi kuti adzutsa mphamvu yake ya umulungu akalipira. Za kusala, za mantra zikwi-zikwi, za zaka zoyesedwa ndi mphunzitsi, sizichulidwa, pakuti sizigulika.

Ku India komweko kuli akathyali odzicha a Tantra amene adyera anthu osauka monga acitira ang'anga onama kuno, ndipo cigawo ca Maharashtra cinakhazikitsa lamulo lowaletsa mu 2013, ataphedwa Narendra Dabholkar amene analimbana nao zaka zambiri. Cizindikiro cao ndi cimodzi kulikonse, kaya abvala mkanjo woyera, kaya zikopa, kaya suti: afuna ndalama patsogolo, afuna mkazi abwere yekha, ndipo amuletsa kuuza amai ake kapena ankhoswe. Wocitiridwa zotere malo ake ndi ku Victim Support Unit pa polisi, ndipo lamulo la mu 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limteteza. Lamulo lina, lakale kwambiri, la Witchcraft Act, linena kuti kucha munthu mfiti ndi mlandu, ndipo silipatula Mmwenye woyatsa nyali m'nyumba mwake. Dziko lino linalengezedwa kuti ndi la Cikhristu mu December 1991, koma malamulo ake akulu apatsa munthu aliyense ufulu wopembedza monga afuna.

Kugwadira mulungu wamkazi sikunacititse kuti mkazi wamoyo akhale pabwino. India analetsa malowolo operekedwa ndi kwao kwa mkwatibwi mu 1961, koma akazi akali kuzunzidwa cifukwa ca iwo m'dziko lomwelo la Durga. Kunonso ana a Makewana ndi amene alanda mbale ndi mabulangete a mkazi wamasiye maliro asanathe, kotero kuti Boma linacita kukhazikitsa lamulo mu 1989 lakuti pa cuma ca womwalira wosalemba wilo, wamasiye alandire magawo 20 pa 100, ana 50, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalira malemuyo 10.

Pa tsiku la 8 kapena la 9 la Navratri mabanja ambiri a Cihindu aitana atsikana ang'ono-ang'ono osatha msinkhu, kawirikawiri 9. Mwini nyumba, angakhale ndi wa masitolo angati, agwada ndi kuwasambitsa mapazi, awapatsa cakudya ndi timphatso, cifukwa tsikulo ayesedwa Mai mwini wake. Tsiku la 10, lochedwa Dussehra, akumbukira kugonjetsedwa kwa ciwanda Mahishasura, ca maonekedwe a njati, cimene milungu yamphongo inalephera ndipo Durga anacipha. Gule wa garba analembedwa mu December 2023 m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa miyambo yofunika kusungidwa ya anthu a pa dziko lonse. M'kaundula yemweyo muli Gule Wamkulu wa Acewa ndi Makishi a kumpoto cakumadzulo, amene bungwelo linayamba kuwalemekeza mu 2005.