ZA NTCHITO ZA MANJA: Kupaka Utoto ndi Kumata Zizindikiro pa Kandege ka Spitfire

Mwezi wathawu tinalongosola m'tsamba lino za kalumikizidwe ka kandege ka pulasitiki kofanizira ndege ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Spitfire. Tinakasiya katamatidwa mapiko ndi mchira, koma kali kotuwa monga kanatulukira m'bokosi. Lero tinene za ntchito yotsala, ndiyo kukapaka utoto ndi kukamata zizindikiro zake. Ntchito iyi ifuna kusamala koposa, pakuti chiwalo chomatidwa mokhota munthu akhoza kuchikonza, koma chizindikiro chikang'ambika mulibenso china m'bokosimo. Ndipo bokosi lotere lichokera kutali, kapena kwa mbale wokhala ku Johannesburg kapena ku London, silibwera kawiri.

Tiyambe takumbutsana za ndege yeniyeniyo. Anailinganiza ndi R. J. Mitchell, ndipo inauluka koyamba pa 5 Marichi 1936 pa bwalo la Eastleigh, pafupi ndi Southampton. Mwini wakeyo sanaione pankhondo, popeza anamwalira mu 1937 ali ndi zaka 42. Zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 20,000. Kutambasuka kwa mapiko ake kunali mamita 11 ndi pang'ono. Tsono pa kandege ka muyeso wa 1/72, ndiko kuti sentimita imodzi ya kandege iimira masentimita 72 a ndege yeniyeni, mapikowo sakwana masentimita 16. Muyeso umenewu tiusunge mumtima, chifukwa ndiwo ulamula kapakidwe konse. Utoto wochindikala milimita imodzi pa kandege ufanana ndi matope a masentimita 7 pa ndege yeniyeni, ndipo palibe ndege inaulukapo itamatidwa chotero.

Tisanagwire burashi tisankhe chaka cha ndege yathu, pakuti maonekedwe ake anasinthasintha. Pa nkhondo ya mumlengalenga ya ku Britain, kuyambira Julayi kufikira Okutobala 1940, pamwamba pake panali mawanga a mitundu iwiri, wobiriwira kwambiri ndi wofiirira ngati dothi louma, kuti mdani woyang'ana ali pamwamba aiyese minda ndi nkhalango. Kunsi kwake kunali mtundu woyererako wobiriwira pang'ono. Amene ali ndi tizitini ta Humbrol apeza mitundu iyi pa nambala 30, 29 ndi 90. Mu Ogasiti 1941, ndegezi zitayamba kuuluka kawirikawiri pamwamba pa nyanja kunka ku France, mtundu wa dothi uja anauchotsa naikapo wotuwa ngati phulusa, ndi kunsi komwe kunakhala kotuwa. Chotero wopaka mtundu wa dothi pa ndege ya ku Britain ya 1943 wanamiza oona, ngakhale apake mosalala bwanji.

Tsono kapakidwe kake ndi aka. Choyamba tsukani kandegeko ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, nimukaumitse pamthunzi, pakuti mafuta a m'manja mwathu akaniza utoto kugwira. Kenaka takasani utoto ndi kamtengo kufikira zonse za pansi pa chitini zitasakanikirana, nimuusungunule pang'ono: wa mafuta ndi thina, wa madzi ndi madzi oyera. Ukhale ngati mkaka, usakhale ngati phala. Yambani ndi mtundu woyererako wa kunsi, pambuyo pake wa dothi, wobiriwira potsiriza, popeza mtundu wakuda uphimba woyera msanga, koma woyera suphimba wakuda. Burashi ikhale yofewa, ndipo iyende kumodzi kokha, kuchokera kutsogolo kwa phiko kunka kumbuyo monga iyendera mphepo.

Kupaka koyamba kudzaoneka konyansa, pulasitiki ili kuonekera mkati. Apa ndi pamene ambiri aononga ntchito yawo, chifukwa mtima uwauza kuti awonjeze utoto pomwepo, ndipo burashi ikoka utoto wosauma nisiya mizere yosachoka. Lekani kaume. Utoto wa mafuta ufuna kugona usiku wonse, wa madzi ufuna ola limodzi kapena kuposerapo. Mubwereze kawiri kapena katatu mopyapyala, ndipo mudzaona timizere tating'ono ta malata a ndege tili kuonekabe. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malire a mawanga muyambe mwawalemba ndi pensulo, kutsata chithunzi cha m'bokosi. Galasi la woyendetsa muliphimbe ndi tepi, kusiya timafelemu tokha. Pulopela ikhale yakuda, nsonga zake zachikasu, ndipo chikasucho chisapitirire mamilimita 2. Pouma, vundikirani kandegeko ndi beseni loyera, kuopa fumbi ndi mwaye wa kudenga.

Inu makolo, mawu awa ndi anu: utoto wa mafuta ndi thina zigwira moto msanga, ndipo fungo lake lipweteka mutu. Ntchitoyi ichitikire pakhonde masana, kutali ndi mbaula ndi koloboyi, ndipo tizitini tisungidwe pamene makanda safika.

Tifike tsopano pa zizindikiro, zimene Angerezi azitcha decal. Izi ndi tizithunzi topyapyala kuposa khungu la anyezi, tosindikizidwa pa pepala lokhala ndi guluu wosungunuka m'madzi. Musanamate, pakani kandege konse vanishi wonyezimira, nimumulole aume tsiku lathunthu. Chifukwa chake n'chakuti utoto wosanyezimira, ngakhale uoneka wosalala ndi maso, uli ndi timaenje tosawerengeka. Chizindikiro chikagona pamenepo mpweya utsalira kunsi kwake, ndipo m'mbali mwake muoneka mbee ngati mamba a usipa. Vanishi atseka timaenjeto kuti chizindikiro chigone pansi ndithu.

Dulani chizindikiro chimodzi chokha ndi lumo, osati pepala lonse. Chiviikeni m'madzi ofunda pang'ono, muwerenge kufikira 15, nimuchiike pa nsalu. Musachisiye m'madzi kufikira chiyandame, pakuti guluu wake adzatha. Chikayamba kutsetsereka pa pepala pochikhudza, nyowetsani malo ake pa kandege, ikani pepalalo pambali pake, ndipo ndi burashi yonyowa muchikankhe pang'onopang'ono chitsike. Musachinyamule ndi zala, chingapindike ndi kudziphatika chokha. Pokhala madzi alipo mukhoza kuchisuntha kufikira chilunjike. Pamenepo tsindikani ndi kansalu kofewa kuyambira pakati kunka kunja. Pakatsala kathovu, kabooleni ndi nsonga ya singano, nimutsindikenso. Mumalize mbali imodzi, iume, musanatembenuze.

Tisayese zizindikirozi zokometsera chabe, pakuti pa izo panali moyo wa anthu. Mu 1914, nkhondo yoyamba itangoyamba, ndege za Angerezi zinali ndi mbendera ya dziko lawo. Koma asilikali a pansi poyang'ana kutali anaona mtanda wa m'mbenderamo nauyesa mtanda wa Ajeremani, nawombera anzawo. Chifukwa cha ichi, kumapeto kwa chaka chomwecho, Angerezi anatengera chizindikiro chozungulira cha Afalansa, natembenuza mitundu yake: chofiira pakati, choyera, ndi buluu kunja. Pa Spitfire ya 1940, cha pa thupi chili ndi mkombero wachikasu kunja kwake kuti chioneke pa mawanga, koma cha pamwamba pa mapiko chili ndi chofiira ndi buluu zokha, popeza choyera chikadaulula ndege kwa mdani. Pa mchira pali mizere itatu yoimirira, ndipo wofiira ukhala kutsogolo mbali zonse ziwiri. Apa ambiri asokoneza cha kumanja ndi cha kumanzere. Malembo akulu a pa thupi nawonso ali ndi tanthauzo: awiri atchula gulu, limodzi litchula ndegeyo. QV anali malembo a pankhondo a gulu la nambala 19 la ku Duxford, limene linayamba kulandira Spitfire mu Ogasiti 1938.

Nkhani yomweyi inabwerezeka kum'mawa. Ndege za Japan zinali ndi dzuwa lofiira, ndipo kadontho kofiira ka Angerezi kanasokoneza owombera. Chotero mu 1943 ndege za ku India ndi Burma anazichotsa chofiira, natsala buluu wakuda kunja ndi buluu woyererako pakati. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, poyang'ana kumwamba anazindikira ndege za mbali yawo ndi chizindikiro chimenechi. Banja limene agogo ake anapita kumeneko likafuna kandege kowakumbukira, lisamatepo chofiira. Ndiponso mu Juni 1944, poolokera ku Normandy, ndege anazilemba mizere isanu pa mapiko ndi pa thupi, itatu yoyera ndi iwiri yakuda, kuti zombo ndi mizinga ya anzawo zisaziwombere. Mizereyi inapakidwa mofulumira ndi maburashi akulu, ndipo yambiri inali yokhota. Apa pokha wopaka wonjenjemera dzanja sanalakwe kwambiri.

Zizindikiro zonse zitagona usiku, pukutani guluu wotsala ndi nsalu yonyowa, nimupake vanishi wosanyezimira, pakuti ndege ya nkhondo yonyezimira ikadaitana mdani. Vanishi ameneyu asakhudze galasi, angalichititse khungu. Tepi ija muichotse potsiriza penipeni. Wofuna kuonetsa kuti ndegeyo inagwira ntchito apale mtima wa pensulo, natenge fumbi lake ndi burashi youma, napake pang'ono kumbuyo kwa mipope ya utsi. Pang'ono pokha pakwanira.

Mwana akagwira ntchitoyi, mkulu akhale pambali pake, amuwerengere malangizo ndi kumuuza tanthauzo la chizindikiro chilichonse, koma burashi aisiye m'dzanja la mwanayo. Masiku ake onse, kuyambira kutsuka kufikira vanishi wotsiriza, akwana sabata imodzi kapena kuposa, ndipo mwana adziwe ichi asanayambe, kuti asataye mtima pa tsiku lachiwiri. Mwezi wa mawa tidzanena za kusema kandege kotere ndi mtengo wofewa, chifukwa cha iwo amene alibe bokosi la kusitolo.